Nyimbo Yomwe Inaimitsa Fakitale ya Tiyi

Mukafika pageti la fakitale ya tiyi komwe ndinkagwira ntchito n'kufunsa dzina langa la ubatizo, alonda angokuyang'anani. Koma mukangoti, "Ndikufuna a Beringi," akulozerani msangamsanga, ndipo muona mapewa awo akugwedezeka ndi phwete. Dzinali sindinabadwe nalo ayi. Ndinachita kulitola ndekha, masanasana, anthu akuona. Ndati ndifotokoze mwini wakene mmene zinayendera, chifukwa amene akuifotokoza nkhaniyi kumalayini a antchito akuthira nsinjiro zambiri.

Ndiyambe ndi nyumba, pakuti nkhani yagona pamenepo. Kwathu kuno mwamuna akakwatira amanyamula chikwama chake n'kukakhala kwa mkazi. Anzanga onse amene ndinakula nawo ali pachikamwini, akulima minda ya apongozi, akutsokomola monong'ona. Ine ndinapulumuka. Ndinapeza ntchito yokhazikika mufakitale, yoyang'anira lamba wonyamula masamba odulidwa, ndipo kampani inandipatsa nyumba kumalayini, ya magetsi, ya khonde lake. Ndinkanyada nayo nyumba imeneyo mosabisa. Mkazi wanga, amake Chisomo, ndi kapitawo wa amayi othyola masamba pa esiteti yomweyo, munthu woopedwa m'munda monse, koma tikasemphana mawu pakhomo ndinkangotsamira pampando n'kufunsa kuti, "Kodi nyumba ino ndi ya ndani?" (Funso limeneli mulisunge, tikumana nalo kutsogoloku.)

Tsono ine ndili ndi nthenda imodzi, nyimbo. Sindimwa, sindisuta, bawo sindiidziwa, koma nyimbo ndiye zinandidya mutu. Ndipo kwa zaka zambiri ndinali ndi woyimba mmodzi yekha. Dzina sindimutchula, ali ndi abale ake, tingomuti Mkulu. Mkuluyu akagwira kiyibodi n'kutsegula pakamwa, ine ndinkaiwala kuti padziko pali mavuto. Mbeta ndinafunsira nyimbo yake. Chithunzi chake chinali pakhoma, pamwamba pa cha ukwati wathu (amake Chisomo atadandaula ndinawauza kuti ndi mmene misomali inakhalira). Munthu akamunyoza m'minibasi ndinkatha kupitirira siteji yanga kuti timalize mkangano.

Kenaka Mkulu anakhala chete nthawi yaitali, akuti akuphika chimbale chatsopano. Tinadikira mpaka makosi kuuma. Tsiku lina tinamva kuti akubwera kudzachikhazikitsa pa Chitakale, Lamlungu masana. Ndinasita malaya, nsapato ndinapaka polishi, ndipo kutchalitchi ndinatuluka ulaliki uli mkati ngati ndikupita kukataya madzi.

Abale inu, chimbale chija! Nyimbo yoyamba, mayina a anthu okhaokha. Bwana uje wogulitsa matayala, bwana uje wa malole, mayi uje wa saluni, aliyense ndi kumene shopu yake ili. Ndinati mwina awa ndi malonje chabe. Yachiwiri chimodzimodzi, anangochotsa matayala n'kuikapo simenti. Ndinapirira, poti chikondi chimapirira. Koma chimene chinandipha ndi ichi. Atayamba nyimbo yakale ija, yomwe ndinafunsira mbeta, Mkulu anamva ludzu. Anatsitsa maikolofoni, natola botolo la madzi, n'kuyamba kumwa, kholingo likukwera ndi kutsika ife tikuona. Koma mawu ake osaleka! Akuyimbabe m'masipika, mokoma, mpaka kunjenjemeretsa kuja ndinkakukonda. Munthu akumeza madzi uku akuyimba. Ena anaseka, ena anapitiriza kuvina. Ine ndinalira, sindikunama, misozi yeniyeni. Ndinamva ngati ndapezerera bambo anga akuba nkhuku.

Nditafika kunyumba ndinatsitsa chithunzi chija, nyimbo zake zonse ndinafufuta mufoni, ndipo ndinaima pakati pa chipinda n'kulumbira.

"Amake Chisomo, mukadzandimva ndikuyimbanso nyimbo ya munthu ameneyu, mudzandimete mpala, wopanda madzi."

"Ndamva," anatero, osakweza mutu pa nyemba zomwe ankasankha. "Nanga muzimvera chiyani?"

"Mphepo."

Mphepo ndinaimveradi, koma siikhutitsa. Ndinayesa oyimba ena, koma aliyense akangotsegula pakamwa ndinkamuona akumwa madzi. Ndinayamba kuwonda. Chisomo, mwana wathu, anafunsa amake ngati kunyumba kuno kwagwa maliro omwe iye sanauzidwe.

Loweruka lina ndinapalasa njinga kupita ku Muloza kukaona msuweni wanga Felisita. Iyeyu amachita geni ya zitenje ndi nsapato, amawoloka malire kulowa Milanje mpaka Kelimane, ndipo pakamwa pake sipatsekeka. Amanditcha "pirimu," monga amatchulira asuweni kutsidyako.

"Pirimu, nkhope yagwa bwanji? Mlamu wayamba kukumana ndiwo?"

Ndinamufotokozera zonse, za matayala, za simenti, za botolo. Anaseka mpaka anyamata osintha ndalama anatembenuka.

"Vuto lako iwe umakonda anthu," anatero akupukuta misozi ndi chitenje chogulitsa. "Munthu amakhumudwitsa. Bwanji osamvera nyimbo zopanda munthu?"

"Zopanda munthu bwanji? Amayimba ndi mbuzi?"

"Makina, chitsiru iwe. Kuli anyamata ndi atsikana kutsidyaku, amatenga kulira kwa chitseko, kwa jenereta, kwa mvula padenga, n'kuzipotokola pakompyuta mpaka zisanduke nyimbo. Mulibe woyimba, mulibe wogulitsa matayala. Wina anandipatsa memore iyi. Ine ndinamvera kamodzi, mutu unandiwawa mpaka mawa lake. Tenga, iwe mutu wako ndi wowawa kale."

Ndinali ndi kasipika kanga kofiira, kolowetsa memore, kochepa ngati sopo wosambira koma kaphokoso koopsa. Ndinakamangirira pa handulo ya njinga, ndinalowetsa memore ija, n'kuyamba ulendo wobwerera. Poyamba zii. Kenaka tsssss. Kenaka tho, tho, tho, ngati denga likudonthera m'ndowa. Kenaka chitseko chadzimbiri, kwiiii. Ndinati basi Felisita wandipusitsa, memoreyi ndi yodwala. Ndinaitulutsa, ndinaipemerera, ndinaipukuta pamalaya, n'kuibwezera. Chimodzimodzi. Ndinangoisiya ikulira poti manja anali pa handulo.

Koma nditadutsa Limbuli, mvula itangokata, minda ya tiyi ili biriwiri, phiri litafunda nkhungu, ndinamva chinthu. Kudontha kuja sikunali kudontha wamba, kunali ndi dongosolo. Dontho likuyankha chitseko, chitseko chikuyankha mluzu wina wake woonda, ndipo pansi penipeni, kutali, ng'oma ikubwera pang'onopang'ono ngati tchopa cha mudzi wa kutsidya kwa mtsinje. Inandidikiritsa ng'omayo, inandinyengerera, ndipo itafika, du! thupi lonse linachita tsembwe. Ndinatsika panjinga n'kuima m'mbali mwa msewu, kukamwa kuli yasa. Ndinasangalala, ndikuuzeni, chisangalalo chomwe ndinkayesa kuti chinafera pa Chitakale.

Kuyambira pamenepo ndinalowa m'madzi ndi zovala zomwe. Ndinayamba kusaka zina pafoni. Ndinapeza a ku Maputo, a ku Kampala, ena kaya ndi dziko liti, mayina awo osatchulika, ena ndi manambala chabe. Ina inali ngati njuchi zatsekeredwa m'chitini. Ina inali kulira kwa firiji basi, koma firiji yachisoni, yoti yaona zambiri. Zonsezi ndinkazithira m'memore ija. Ndipo palibe ndi mmodzi yemwe mwa anthu amenewa amene akanandinamiza ndi botolo la madzi, pakuti pakamwa sankagwiritsa ntchito.

Vuto la chinthu chokoma ndi lakuti sufuna kudya wekha. Ndinayamba ndi mkazi wanga. Ndinamukhazika pampando wanga weniweni, ndinatseka chitseko, ndinadina batani. Anamvetsera mwaulemu, manja ali pamiyendo.

"Yayamba kapena ikukonzekera?"

"Ili pakati."

"Pakati pa chiyani?"

Mawa lake pobwera kuntchito ndinapeza kasipika kali padenga la khitchini, padzuwa, pamodzi ndi makaka. Akuti kanalowa madzi tsiku lija ndinanyowa pochokera ku Muloza, ndiye amati kaume mwina kayambenso kuyimba bwino. Tsiku linanso aneba athu, amene timagawana nawo khoma, anathamanga kukazimitsa magetsi a layini yonse, akuti amva waya akupsa m'nyumba mwathu.

Ndinati awa ndi anthu a kumalayini, sanayende. Ndiyese anthu a pamsewu. Mwayi unapezeka m'minibasi yochokera pa Chitakale. Wailesi ya galimotoyo inali yakufa, ndipo kondakitala anafunsa ngati pali amene ali ndi nyimbo. Sanamalize n'komwe, ine ndatulutsa kale kofiira kaja. Tinayenda pang'ono. Ndinaona dalaivala akupendeketsa mutu. Anachepetsa liwiro, anapendeketsanso mutu mbali inayo, kenaka anakhotera m'mbali n'kuima. Anatsitsa anthu a kutsogolo, anatukula mpando, n'kusuzumira mu injini.

"Fanibeluti iyi," anatero. "Ndinamuuza bwana dzana."

Atazindikira kuti fanibelutiyo ili pamiyendo panga, ananditsitsa pomwepo, pakati pa minda. Mayi wina wachikulire anatulutsa mutu pawindo n'kundiuza mwachifundo kuti, "Mwanawe, ukapemphereredwe."

Munthu wanzeru akanaphunzira pamenepo. Amake Chisomo anayesetsa kundithandiza.

"Bambo a Chisomo, wakutsina khutu ndi mnansi. Zinthu zanuzi zikulira ngati makina odwala. Chonde, kufakitale musadzapite nazo. Nyumba mukuinyadirayi inabwera ndi ntchito, idzapitanso ndi ntchito."

Ine ndinatsamira pampando. "Kodi nyumba ino ndi ya ndani?"

"Yanu, bwana," anatero, n'kutuluka.

Koma mawu ake aja akuti "makina odwala" anandipatsa nzeru, ngati imeneyo ingatchedwe nzeru. Ndinadzifunsa kuti, kodi m'Mulanje muno ndani amene amamvetsera makina ndi mtima wonse? Yankho linali limodzi, a Namakhwa. Awa ndi fitala wamkulu wa fakitale yathu, bambo wa imvi, wosakonda zolankhula. A Namakhwa sakonza makina ndi maso, amakonza ndi khutu. Ali ndi sikuludiraiva yaitali. Amagunditsa nsonga yake pachitsulo, chogwirira n'kuchiika kukhutu, n'kutsinzina. Akangokweza dzanja, makina amaima, ndipo ngakhale manejala safunsa chifukwa, poti kalekale wina anawatsutsa ndipo shafuti inathyoka. Ndinati munthu uyu yekha ndiye andimvetse. (Taonani mmene Satana amagwirira ntchito, amabwera ndi mfundo zomveka.)

Inali nyengo ya dzinja, masamba atachuluka moti mathirakitala ankangopezana pageti. Kwa amene simunagwirepo ntchito ya tiyi, dziwani kuti masamba akangodulidwa sadikira munthu. Ayenera kuyenda palamba, kufiira mlingo wake, n'kulowa mowumitsira. Akachedwa amasasa, ndipo tiyi wake ngakhale pamaliro anthu amabweza makapu. Dziwaninso kuti mafoni ndi mawailesi amasiyidwa pageti, limenelo ndi lamulo. Ine kofiira kaja ndinakalowetsa m'thumba la mkati la ovolosi, batire nditalidzaza bwinobwino.

Nthawi yopuma ya m'mawa ndinawasaka a Namakhwa, osawapeza. Ndinabwerera pamalo panga, ndipo poti anthu anali asanabwerere onse, ndinati ndingoyesa ngati kakulira bwino. Nditangokayatsa, ndinaona kapitawo wa shifiti akubwera molunjika kwa ine. Ndinafinya batani, kanakhala chete, ndipo ndinakaponya m'kati mwa chibokosi chachitsulo chotchinga mota ya makina odulira masamba.

Apa ndifotokoze za batanilo. Lozimitsira lili pambali, laling'ono. Lomwe ndinafinya ine ndi lina, ukalidina pang'ono limapita nyimbo yotsatira, ukalikanikiza limakweza mawu. Ine ndi mantha ndinachita zonse ziwiri. Ndipo nyimbo yotsatirayo inali ija ya pa Limbuli, yoyamba ndi zii wautali.

Kapitawo sanabwerere mlandu ayi. Amafuna tikambe za mpira. Anaima pambali panga, makina anayatsidwa, masamba anayamba kuyenda, iye akundifotokozera za goloboyi wa timu yake. Ine ndikungoti eya, eya, maso ali pachibokosi. Kenaka ndinamva. Kwiiii. Kwi, kwi. Grrrr. Chibokosi chija chinagwira mawu n'kuwakuza, moti anadutsa phokoso lonse la fakitale.

A Namakhwa, amene ndinawasowa m'mawa monse, anasankha nthawi imeneyo kudutsa. Anaima njii ngati aponda minga. Anapendeketsa mutu monga dalaivala uja. Dzanja linakwera.

Lamba anaima. Ndipo mwatsoka, kapena mwamwayi, nyimboyi imalira n'kupuma, kulira n'kupuma. Makina ataima, nayo inali pa kupuma. A Namakhwa anagwedeza mutu.

"Beringi," anatero. "Ya kumanzere. Yauma."

Anaitana anzawo a masipanala. Anamasula, anatulutsa beringi, anaizunguza m'manja pafupi ndi khutu. Inali yabwinobwino, yonona ndi girisi. A Namakhwa anaiyang'ana ngati mwana wawo wawanamiza. Apa ndi pomwe ndikanayankhula. Ndikanati, "Pepani bambo, ndi ine," akanandikalipira, nkhani n'kutha. Koma kapitawo anali pambali panga penipeni, ndipo chibokosi chinali pamaso pa aliyense. Ndinaganiza kuti batire litha. Ndinapemphera kuti lithe. Batire limenelo masiku onse limatha nyimbo ili pabwino, koma tsiku limenelo linali ndi mphamvu ngati ladya kalongonda.

Anabwezera beringi, anayatsa makina. Anayenda bwinobwino, anthu anapuma. Kenaka kwiiii, kwi, kwi, ndipo ulendo uno ndi ka mluzu kaja pamwamba. Dzanja linakweranso. Anamasula ya kumanja. Nayo yabwino. Masamba palamba anayamba kuda, fungo lake likusintha. Kunja mathirakitala anandanda mpaka kumsewu. Thukuta linanditsika mpaka m'magambutsi.

Anafika manejala, makiyi akulira m'chiuno, nkhope itafiira.

"A Namakhwa, chikuchitika n'chiyani?"

"Bwana, makinawa akulira malo amene kulibe chovuta. Chiyambire sindinaone."

"Zimitsani zonse! Mafani, chowumitsira, zonse! Timve bwino."

Anazimitsa. Fakitale yomwe dzinja lonse siigona inakhala chete moti tinamva mvula ikuwaza padenga. Anthu a zigawo zina anabwera kudzaonerera. Tonse tinaima duu. Ndipo m'kati mwa chete ameneyo, makina onse atafa, tinamva bwinobwino:

Kwiiii. Tho. Tho. Tho.

Mayi wina wosankha tiyi anakuwa, "Yesu wanga!" Wina anati makina alodzedwa, ndipo anthu anayamba kubwerera chambuyo. Ine ndinakumbukira Mkulu, botolo lili pakamwa, mawu akutulukabe. Ndinkamunyoza munthu uja, koma iye sanaimitse fakitale.

A Namakhwa okha ndi amene sanasunthe. Anagunditsa sikuludiraiva pamakina odulira, anatsinzina, anapukusa mutu. Anagunditsa pamota, anapukusa mutu. Anagunditsa pachibokosi. Anatsegula diso limodzi. Kenaka anagwada, analowetsa mkono, n'kutulutsa kofiira kaja, atakagwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa, kakuliriratu.

"Kanthu aka n'ka ndani?" anafunsa manejala, motsitsa mawu, kutsitsa koopsa kuja.

Tsono mvetsani bwino apa. Pakasipikapo panalibe dzina. Amene anandiona ndikukaponya panalibe. Pamalo amenewo timadutsapo anthu ambiri. Ndikanangoyang'ana magambutsi anga monga ankachitira anzanga onse, bwenzi lero ndili palamba, ndikufunsabe anthu kuti nyumba ndi ya ndani. Ndinayang'anadi magambutsi. Koma makutu sayang'ana pansi. Dontho linali litayamba kuyankha chitseko. Chitseko chikuyankha mluzu. Ndipo kutali kuja, pansi penipeni, ng'oma inali itanyamuka, ikubwera. M'fakitale yachete, padenga lalitali lamalata, inkamveka kukoma kuposa tsiku lina lililonse. Ndinaona chala cha a Namakhwa chikufufuza m'mbali, chapeza batani lozimitsira lija, chikuti chidine.

Ndiye ndinamva mawu a munthu. Ndinadabwa kuti anali anga.

"Dikirani pang'ono, bambo, pakubwera pabwino."

Mitu yonse inatembenuka. A Namakhwa, kaya ndi kudabwa kaya ndi ulemu, anadikiradi. Ng'oma inafika, du! du! du! Palibe anavina. Ndipo pakhomo la fakitale, atafunda pepala la pulasitiki, manja ali m'chiuno, panali amake Chisomo. Anabwera kudzafunsa chifukwa chake masamba omwe amayi a gulu lawo athyola m'mvula chiyambire m'mawa akungokhala pathirakitala.

Muofesi sitinachedwe.

"Chimenechi n'chiyani?" anafunsa manejala akuloza kofiira kaja patebulo.

"Nyimbo, bwana."

"Nyimbo. Woyimba wake ndani?"

"Mulibe woyimba, bwana. Ndiye ubwino wake."

Manejala anandiuza za masamba omwe atayidwa, za lamulo la pageti, ndi kuti ntchito yanga yokhazikika yathera pomwepo. Poti sindinalakwepo m'mbuyomu, akhoza kundilola ganyu ya nyengo, yolambula ngalande m'minda. Koma wa ganyu sakhala m'nyumba ya kampani. Mwezi ukatha ndipereke makiyi.

Ndinatuluka muofesimo. Ndinadziona ndikukankha njinga, matiresi ali pakaliyala, ndikulowa pakhomo pa apongozi anga, anzanga aja ndinkawaseka atandandalika m'mbali mwa njira. Ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi, makamaka poganiza za Chisomo amene sukulu yake ili pafupi ndi malayini. Ndinalira kachiwiri, ndipo ulendo uno panalibe woyimba woti ndimuloze chala.

Kunyumba amake Chisomo sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anandipatsa madzi osamba, anandipatsa chakudya. M'mawa mwake anavala yunifolomu yochapa bwino n'kupita ku ofesi okha. Ine sindinkadziwa, kapena kunyada kunandiiwalitsa, kuti kapitawo wokhazikika ngati iwo ayeneranso kupatsidwa nyumba. Sanaipemphepo chifukwa ine ndinali nayo kale. Anabwerako dzuwa likupendeka, makiyi omwe aja ali m'manja. Anakwera pakhonde, analowa m'nyumba, anakhala pampando wanga, anatsamira, n'kuika mwendo pamwamba pa unzake.

"Bambo a Chisomo, tandikumbutsani. Kodi nyumba ino ndi ya ndani?"

"Yanu, mayi."

"Kwezani mawu. Makutu angawa anawonongeka ndi nyimbo zanu."

"Yanu, mayi!"

Aneba aja anamva kudzera pakhoma, ndipo pofika mawa malayini onse anali atadziwa kuti chikamwini ndinachithawa kumudzi chandilondola mpaka pa esiteti.

Patapita masabata angapo, ndili m'ngalande ndi chikwanje changa, ndinaona a Namakhwa ataima pamwamba. Ndinavula chipewa, ndinayamba kupepesa. Anakweza dzanja lija, ndipo nane ndinaima ngati lamba.

"Memore ija ulinayo?"

Ndinati ndimadziwa ine, munthu uyu ali ndi khutu!

"Mwaikonda, bambo?"

"Ayi. Ndi yoipa kwambiri. Koma pakati pake pali beringi yakufa yeniyeni, yosachita kufunsa. Ndikufuna anyamata amene ndikuwaphunzitsa aziimva, kuti akadzakumana nayo adzaidziwe."

Ndinawapatsa. Ndiye ngati mukufuna kudziwa, m'boma lonse la Mulanje nyimbo zanga zili ndi omvera, amakhala m'wekishopu Lachisanu lililonse atatsinzina, ndipo ndi iwowo amene anandipatsa dzina lija.

Mwina mukuyembekeza kuti ndinaleka. Sindinaleke. Felisita anandibweretsera timawaya ta m'makutu kuchokera ku Milanje, akuti, "Pirimu, misala yako izikhala ya m'kati." M'ngalande mulibe lamulo la pageti, mulibenso beringi. Ndapeza wina watsopano amene amayimba ndi kulira kwa mpope wa madzi, ndipo ndikukuuzani, mtsikana ameneyo adzapita patali.

Koma pakhomo zinthu zinasintha. Mwini nyumba ndiye mwini khoma, mwininso wailesi. Chithunzi cha Mkulu chinabwerera, pansi pa cha ukwati. Amake Chisomo, amene kale sankamulabadira n'komwe, anakagula chimbale chatsopano chija, ndipo amachiika m'mawa uliwonse ine ndikusesa pakhonde. Matayala, malole, saluni, simenti. Ndimaluma mano n'kumasesa.

Dzulo m'mawa ndikusesa choncho, ndinangomva wailesi yazima. Koma nyimbo siinaleke. Wina anali kuyimbabe dzina la bwana wogulitsa matayala uja, ndi kumene shopu yake ili, mpaka kunjenjemeretsa mawu. Ndinatseka pakamwa mochedwa. Amake Chisomo anali ataima pakhomo, lezala latsopano lili m'manja, akuyang'ana mutu wanga.

"Khalani pansi apa, a Beringi," anatero. "Madzi musavutike kutunga."